Ngozi ya pantchito siyamba tsiku limene yagwa

Aliyense amene anaimapo pamzere pa chigayo cha dizilo akudziwa mmene lamba wake amathamangira. Amachoka pa injini kukazungulira gudumu la chigayo ali pa liwiro loti diso silingamutsatire, ndipo pa zigayo zambiri chotchinga chimene chinabwera ndi makinawo chinachotsedwa kalekale, chifukwa chimachedwetsa ntchito lamba akavuka. Mnyamata wa pachigayo amadutsa pafupi ndi lambayo kambirimbiri pa tsiku, malaya osapisira, nkhope ili mbuu ndi ufa. Chimanga chikatsekeka pakhosi pa chigayo salimbana ndi zozimitsa injini, popeza kuilizanso ndi ntchito ndithu, ndipo amayi a pamzere akudandaula kale kuti ana kunyumba sanadye. Amangopisa dzanja n'kukankha. Anachita zimenezi dzulo, anachita dzana, wachita chaka chathunthu, osaona kanthu. Tsiku limene lamba adzakoke malaya, kapena nyundo za m'kati zidzagwire zala, anthu adzathamangirako akufuula kuti kwagwa ngozi, ena n'kumati tsoka silinunkha. Komatu ngoziyo idzakhala kuti inayamba kale. Inayamba pamene chotchinga chinatsamiritsidwa kukhoma osabwezedwanso, ndipo yakhala ikukula tsiku lililonse limene dzanja lalowa m'makina n'kutulukamo lili bwinobwino.

Nkhani ya chitetezo pantchito timakonda kuiona ngati ya zikwangwani zapakhoma, ya maphunziro a tsiku limodzi kuhotelo, kapena ya zipewa zolimba zimene zimatuluka m'kabati kukamabwera alendo. Zonsezi zili ndi malo ake. Koma chimene chimabweza munthu kunyumba madzulo ali wamphumphu ndi tizizolowezi timene manja ake amachita okha, ngakhale atatopa, ngakhale kapitawo atachokapo. Zizolowezi zotere munthu sabadwa nazo. Zimamangidwa ndi gulu lonse la pantchito, tsiku ndi tsiku, kuyambira mwini kampani mpaka waganyu amene wayamba lero. Ndipo pamene palibe womanga zizolowezi zabwino, zoipa zimamera zokha monga udzu m'munda wosapalira.

Kukula kwa vutoli kukuoneka m'ziwerengero za ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse. Mu 2023 bungweli linanena kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha ntchito zawo, ndipo ena okwana 395 miliyoni amavulala koma n'kupulumuka. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi mmene imfazo zagawikira. Ngozi zadzidzidzi, monga kugwa padenga, kupanidwa ndi makina kapena kugwidwa ndi magetsi, zimapha anthu pafupifupi 330,000. Otsalawo, okwana 2.6 miliyoni, amafa ndi matenda amene ntchito inawabzala m'thupi mwakachetechete: a mtima, khansa ndi a m'mapapo. Tinganene kuti pa maliro khumi alionse obwera chifukwa cha ntchito, pafupifupi asanu ndi anayi sipakhala magazi, sipakhala mfuu, sipakhala ngakhale tsiku limene munthu angaloze kuti ndi pomwe zinachitikira.

Imfa yoyenda pang'onopang'ono imeneyi ife Amalawi timaidziwa. Kwa zaka zambiri abambo a m'midzi yathu ankalembedwa ndi Wenela, kenako Theba, kupita ku Joni kukakumba golide. Ambiri anabwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, komanso ndi chifuwa chosatha. Fumbi la mwala wa mumgodi likalowa m'mapapo silitulukanso. Limasiya zipsera zimene zimaumitsa mapapowo, matenda otchedwa silicosis, ndipo munthu wotero TB imamugwira mosavuta. Panapita zaka makumimakumi mlandu wa odwalawa usanamveke, mpaka mu 2018 pamene makampani 6 a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni, zimene bungwe la Tshiamiso Trust limagawa kwa odwala ndi kwa mabanja a omwalira. Fumbi la mtundu womwewo likupumidwa lero ndi amayi ndi anyamata ophwanya miyala ya kwale m'mphepete mwa misewu yathu. Wothyola fodya m'mamawa mame asanakamuke amamwa chikonga cha m'masamba kudzera pakhungu, mpaka kumva chizungulire ndi kusanza. Wopopera mankhwala m'dimba la tomato mphepo ikumuwomba kumaso, kenako n'kukhala pansi kudya osasamba m'manja, akudzipatsa poizoni pang'ono lero, pang'ono mawa. Matenda obwera ndi zochita za tsiku lililonse sangapewedwe ndi msonkhano wa kamodzi pa chaka.

Wina angaganize kuti vuto ndi umbuli, kuti anthu akangouzidwa kuopsa kwake asintha. Koma mnyamata wa pachigayo uja akudziwa bwino kuti lamba amadula dzanja, ndipo wowotcherera aliyense ku Ndirande kapena ku Mchesi akudziwa ululu wa maso amene usiku amakhala ngati athiridwa mchenga munthu akayang'ana moto wowotcherera popanda galasi. Kudziwa kulipo. Chimachitika n'chakuti ntchito imene munthu waibwereza kambirimbiri saiganiziranso. Manja amatsogola, mtima uli kwina, ku fizi ya mwana kapena ku ngongole ya katapila. Choipiraipira n'chakuti njira yachidule imalipira pompopompo, pamene chilango chake chimachedwa. Ukalumpha kuzimitsa makina wapindula mphindi zisanu lero lomwe, ndipo kupulumuka kwako kumakuuza kuti palibe vuto. Mu 1931 Herbert Heinrich, amene ankagwira ntchito pa kampani ya inshuwalansi ku America, anafufuza mbiri za ngozi zambirimbiri n'kunena kuti pa munthu mmodzi wovulala kwambiri pamakhala ngozi zing'onozing'ono 29 ndi zina 300 zimene sizinavulaze aliyense. Akatswiri a masiku ano amakayikira ngati manambalawa amafanana pa ntchito iliyonse, koma phata lake n'losatsutsika: ngozi yaikulu nthawi zambiri imakhala itatumiza kale amithenga, anthu n'kuwabweza. Ichi n'chifukwa chake mmisiri wa zaka makumi awiri pantchito sayenera kudziyesa wotetezeka. Luso lake lakula, koma mantha amene ankamusunga ali wophunzira anatha.

Ngati manja amagwira ntchito mwachizolowezi, ndiye kuti chitetezo nachonso chiyenera kulowa m'manja momwemo. Anthu a njanji ku Japan anaizindikira kalekale mfundo imeneyi. Woyendetsa sitima kumeneko akafika pa chizindikiro samangochiyang'ana ayi. Amachiloza ndi chala n'kutchula mokweza chimene waona, ngakhale ali yekhayekha m'chipinda choyendetsera. Wogwira ntchito pa siteshoni amaloza njanji mbali zonse ziwiri n'kunena kuti palibe chotchinga sitima isananyamuke. Mlendo angaone ngati masewera, koma diso, dzanja, pakamwa ndi khutu zikagwirira pamodzi, maganizo amene anali kwina amabwerera pantchito. Kafukufuku amene bungwe lofufuza za njanji la m'dzikolo linachita mu 1994 anapeza kuti anthu oloza ndi kutchula anachepetsa zolakwa ndi pafupifupi 85 pa 100 pa ntchito imene anawayesa nayo. Sitima zapansi panthaka za ku New York zinatengako mbali ya mwambowu mu 1996, ndipo mpaka lero kondakitala amaloza bolodi lamizeremizere la pa siteshoni asanatsekule zitseko, kutsimikiza kuti sitima yonse yaima pamalo pake. Chala ndi mawu sizigulidwa, koma zasunga miyoyo yambiri.

Umboni wina uli pafupi ndi kwathu. Mu 2008 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakonza mndandanda wa mfundo 19 zoti madokotala ndi anamwino azifunsana mokweza m'chipinda cha opaleshoni: wodwalayu ndi yemweyo kodi, mbali yoti ing'ambidwe ndi iti, mankhwala oteteza ku tizilombo aperekedwa, zipangizo ndi nsalu zonse zawerengedwa asanasoke? Palibe funso limodzi limene dokotala sankalidziwa kale. Mndandandawu unayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo chinali cha St Francis ku Ifakara m'dziko la Tanzania. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2009 zinaonetsa kuti imfa za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 alionse, ndipo zovuta zina zinatsika kuchoka pa 11 kufika pa 7. Sipanagulidwe makina atsopano. Anthu ophunzira kwambiri anangovomera kuima kamphindi, kufunsana zinthu zodziwikiratu, ndi kulola ngakhale namwino wamng'ono kunena kuti dikirani, apa sitinamalize. Ngati dokotala wa opaleshoni sachita manyazi kufunsa zimene akudziwa kale, womanga nyumba kapena woyendetsa thirakitala achitirenji manyazi?

Tikabwera ku ntchito zathu, zizolowezi zoterezi n'zosavuta kuzitchula. Makaniko wanzeru akakweza galimoto ndi jeke salowa kunsi kwake asanaikepo zochirikiza zolimba ndi kutsekereza matayala otsalawo, chifukwa ntchito ya jeke ndi kukweza basi, ndipo mafuta ake akathawa galimoto imatsika osachenjeza. Wokonza makina m'fakitale ya ku Kanengo kapena ku Makata akazimitsa magetsi amakhoma loko pa swichi, kiyi n'kuika m'thumba mwake, kuti mnzake wa shifiti ina asadzayatse iye ali m'kati. Wamagetsi amayesa nthambo iliyonse asanaigwire, ngakhale atazimitsa ndi dzanja lake lomwe. Womanga amagwedeza nsanja ndi kuyang'ana pamene makwerero aponda asanakwere, ndipo akaona thabwa la msomali woloza kumwamba amaupinda pomwepo, osati kulidumpha. Namwino akamaliza kubaya amaponya singano m'bokosi lake osayesa kubwezera kachivindikiro, poti ambiri amadzibaya pa nthawi yobwezerayo. Wogwira ntchito pa malo aphokoso, poti mnzako amene mwayandikana naye uchite kumufuulira kuti akumve, amatseka makutu, chifukwa khutu lophedwa ndi phokoso silidzukanso. Zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: n'zazifupi, zili ndi nthawi yake yodziwika, ndipo zimachitika ntchito yoopsayo isanayambe.

Nanga chizolowezi chimamangidwa bwanji? Choyamba, chimafuna pochimangirira. Kuuza anthu kuti azisamala sikuthandiza, chifukwa kusamala kulibe nthawi yake. Kuwauza kuti dzanja lisanagwire sipanala loko akhale atakhoma kale kumathandiza, popeza sipanala yomweyo imasanduka chikumbutso. Chachiwiri, njira yabwino iyenera kukhala yapafupi. Ngati magalasi otetezera maso amakhala m'ofesi yokiya ya bwana amene amafika dzuwa litakwera, palibe adzawavale. Akolekedwe pa makina pomwepo. Chachitatu, pamafunika nthawi. Kafukufuku amene Phillippa Lally ndi anzake anachita pa University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena chinawatengera masiku 18, ena ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Ndiye maphunziro a tsiku limodzi ndi mbewu chabe, kuthirira kwake ndi mphindi zisanu za m'mawa uliwonse, pamene kapitawo amasonkhanitsa anthu ake n'kufunsa kuti lero tigwira chiyani, chingativulaze n'chiyani, tichita bwanji. Chachinayi, ndipo ichi n'chachikulu, anthu amatsatira zimene wamkulu amachita. Injiniya akalowa pa malo omanga atavala nsapato za muofesi, mutu uli pamtunda, wafafaniza zikwangwani zonse zapakhoma. Wophunzira ntchito amatola khalidwe la mmisiri wake sabata yoyamba yomwe, asanadziwe n'komwe kugwira chida. M'mera mpoyamba.

Pa zizolowezi zonse, chovuta kwambiri kwa ife ndi cholankhula. Tinaleredwa kulemekeza akulu, ndipo ndi bwino, koma ulemu womwewo umatseka pakamwa mnyamata amene waona kuti bambo wachikulire wakwera padenga osadzimangirira. Wina amaopa kutchedwa kazitape. Wina akadzicheka amamanga bala ndi kansanza n'kubisa, kuopa kudulidwa malipiro kapena kuuzidwa kuti mawa asabwere. Malo otere amaoneka ngati alibe ngozi, pamene ngozizo zangobisika, monga mkuyu wokoma kunja m'kati muli nyerere. Mu 1987 Paul O'Neill atasankhidwa kutsogolera Alcoa, kampani yaikulu yopanga aluminiyamu ku America, anadabwitsa eni ndalama powauza kuti chimene akufuna kuyamba nacho ndi chitetezo cha ogwira ntchito. Analamula kuti munthu aliyense akavulala, nkhaniyo imufike pasanathe maola 24, pamodzi ndi ndondomeko yoti zisadzachitikenso. Kuti zimenezi zitheke, mabwana anayenera kuyamba kumvera anthu a pansi. Pamene ankachoka patapita zaka zoposa khumi, ngozi zojombetsa munthu kuntchito zinali zitatsika kuchoka pa 1.86 kufika pa 0.2 pa antchito 100 alionse, ndipo phindu la kampani linali litakwera kwambiri. Phunziro lake n'lakuti amene wabwera kudzanena kuti njerwa inangotsala pang'ono kundigwera ayenera kuthokozedwa, chifukwa wabweretsa chenjezo laulere. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pantchito mnansi weniweni ndi amene wakugwira mkono usanaponde pa thabwa lothyoka.

Pali zotsutsa, ndipo n'zoyenera kuziyankha mwaulemu. Choyamba ndi chija chakuti tsiku likakwana lakwana, kuti imfa ilibe odi, ndipo ena amafika ponena kuti wovulalayo anachita kulodzedwa ndi omuchitira nsanje. Palibe angakane kuti moyo wa munthu suli m'manja mwake mokha. Komabe wokhulupirira yemweyo amakiya chitseko usiku, amagona m'neti, ndipo mwana akamakwawira ku moto amamunyamula osayamba wadikira kuti aone ngati tsiku lake lakwana. Chikhulupiriro sichinaletsepo munthu kusamala. Vuto la kufotokoza ngozi ndi tsoka kapena ufiti n'lakuti kumatseka kafukufuku asanayambe. Tikanena kuti analodzedwa, palibe amene apite kukaona nthambo yosupuka imene inamugwira, ndipo nthamboyo ikhala pomwepo kudikira wina. Ngati ngozi zikanakhala za tsoka lokha, sizikanatsika ku Alcoa kapena m'zipatala zija zimene zinayesa mndandanda wa WHO anthu atangosintha kachitidwe.

Chotsutsa chachiwiri n'cha nthawi ndi ndalama, ndipo ichi n'cholemera. Munthu wa mgwazo amalipidwa malinga ndi mizere imene walima, makilogalamu a tiyi amene wathyola kapena njerwa zimene wayala. Mphindi iliyonse yoyang'ana makwerero ndi ndalama yochoka m'thumba mwake. Mwini kabizinesi kakang'ono naye amati magolovesi, magambutsi ndi zotseka pamphuno n'zodula, pamene phindu lake n'lochepa kale. Tiyeni tiwerengere bwinobwino. Kalipentala wodula chala amakhala milungu ingapo osagwira ntchito, ndipo ngati ndi chala chachikulu mwina sadzagwiranso mpini wa chida monga kale. Banja lake limagulitsa mbuzi kulipira thiransipoti ya kuchipatala. Mwini ntchito amaimitsa makina, amafuna munthu wina woti amuphunzitse poyambira, amalipira chipukuta misozi, ndipo oda imene amathamangira ija imachedwabe. Zambiri mwa zizolowezi tatchulazi sizifuna ndalama: kuzimitsa injini, kupisira malaya, kupinda msomali, kupopera mankhwala mphepo ili kumbuyo, kuthira madzi pa mwala usanaphwanyidwe kuti fumbi lisabuke. Koma chotsutsachi chili ndi choonadi chimodzi chimene olemba ntchito ayenera kuchimva. Ngati muyeso wa mgwazo waikidwa moti munthu sangaukwanitse popanda kudumpha malamulo, ndiye kuti kampaniyo ikulipira anthu kuti adzivulaze, ngakhale itapachika zikwangwani zingati.

Apa tafika pa chotsutsa chachitatu, chimene n'chachikulu kuposa zonse. Kodi kulimbikira za zizolowezi za antchito si njira yochenjera yosenzetsa mlandu munthu wosauka, kuti akavulala tizinena kuti anali wosasamala? Nkhawa imeneyi ili ndi maziko. Pa 23 Epulo 2013 ming'alu inaoneka pa nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu ya Rana Plaza, kufupi ndi mzinda wa Dhaka ku Bangladesh. Banki ndi masitolo a pansi anatseka. Osoka zovala a m'mafakitale a pamwamba anaiona ming'aluyo, anachita mantha, koma m'mawa mwake analamulidwa kulowa, ena ataopsezedwa kuti salandira malipiro. Nyumbayo inagwa pa 24 Epulo n'kupha anthu 1,134. Palibe chizolowezi cha wosoka chimene chikanaimitsa zipilala zija. Anthuwo anachita mbali yawo, anaona choopsa n'kunena, koma analibe mphamvu yokana. Choncho tinene mosabisa: chizolowezi cha wantchito sichilowa m'malo mwa udindo wa wolemba ntchito. Akatswiri a chitetezo amaika njira zotetezera pa mndandanda, ndipo yoyamba ndi kuchotseratu choopsacho. Zikakanika, kusinthanitsa ndi china chosaopsa kwambiri. Kenako kutchinga makina, kuika zokoka fumbi ndi zina zotero. Pambuyo pake m'pamene pamabwera malamulo a kagwiridwe ka ntchito, ndipo zovala zodzitetezera zili kumapeto kwenikweni. Mwini chigayo amene wagulira mnyamata wake magolovesi koma osabwezera chotchinga cha lamba wayambira kumchira.

Malamulo athu ali kumbali ya mfundo imeneyi. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito la 1997 limaika pa wolemba ntchito udindo wosunga malo ndi makina ali bwino, wophunzitsa anthu ake ndi wowapatsa zodzitetezera, komanso limafuna kuti wantchito adzisamale ndi kusamala anzake. Lamulo la chipukuta misozi la 2000 limati wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito alipidwe. Mu 2019 dziko lathu linavomereza mapangano a ILO a nambala 155, 184 ndi 187. Pangano la 155 limanena kuti zotetezera siziyenera kudyera wantchito ndalama, ndiponso kuti munthu amene wachoka pa ntchito chifukwa waona kuti moyo wake uli pa chiopsezo chenicheni asalangidwe. Mu 2022 ILO inaika malo a ntchito otetezeka pa mndandanda wa maufulu ofunikira kwambiri a wogwira ntchito aliyense. Komabe lamulo lili pa pepala, ndipo woyendera malo a ntchito wochokera ku Unduna wa Zantchito sangakhale pa chigayo chilichonse, pa esiteti iliyonse ndi pa nyumba iliyonse imene ikumangidwa. Akabwera amaona za tsiku limodzi. Masiku ena onsewo lamulo limakhala ndi moyo pokhapokha ngati lasanduka khalidwe la anthu a pamalopo. Udindo wa bwana ndi chizolowezi cha wantchito zili ngati mafuwa: mphika sukhala pa fuwa limodzi.

Otsala ndi aja amene alibe bwana n'komwe, ndipo kwathu kuno ndiwo ambiri: wakabaza, wowotcherera mageti m'mbali mwa msewu, wocheka matabwa, wokumba zitsime, msodzi wa pa bwato, mayi wokazinga mandasi pa chiwaya cha mafuta owira ana akusewera pafupi. Ena amati nkhani ya chitetezo pantchito ndi ya m'makampani, siikhudza anthu otere. Kunena zoona imawakhudza koposa, popeza iwo akavulala palibe ofesi yokadandaula, palibe malipiro a masiku odwala, ndipo thupi lawo ndilo mpamba wawo wonse. Alibe kapitawo, koma ali ndi anzawo. Malo aliwonse oimikapo njinga za kabaza ali ndi tcheyamani ndi malamulo a ndani anyamule kasitomala woyamba. Amisiri a m'misika ali ndi makomiti amene amatolera zopereka mnzawo akaferedwa. Magulu omwewa angathe kugwirizana kuti pano sanyamuka munthu wopanda helemeti, pano sitiwotcherera thanki ya mafuta isanatsukidwe bwinobwino, pano salowa m'chitsime munthu wopanda chingwe ndi mnzake womuyang'anira pamwamba. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kusekana, kuti wovala zotseka pamphuno ndi wamantha, kuti mwamuna weniweni sasamala za fumbi. Gulu limene linayambitsa chiseko chimenechi ndi lomwenso lingachithetse, ndipo chimatha msanga amisiri olemekezeka akayamba ndi iwo kuvala.

Pa 28 Epulo chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira za chitetezo ndi umoyo pantchito, ndipo pamakhala zolankhula ndi maguba. Tsikulo n'labwino, koma chaka chili ndi masiku enanso 364, ndipo zala zimaduka m'masiku amenewo. Inu olemba anthu ntchito, yendani pa malo anu mawa m'mawa, mufunse anthu anu chimene chimawaopsa kwambiri, ndipo mukonze chimodzi sabata isanathe, kuti aone kuti kulankhula kumapindula. Inu akapitawo ndi amisiri akuluakulu, dziwani kuti achinyamata akuonera manja anu kuposa kumva mawu anu. Ndipo inu amene mumagwira chida, sankhani chizolowezi chimodzi, chija mukudziwa kuti mumachilumpha, muchichite mawa, mkuja ndi mtondo mpaka manja azichita okha. Mukaona mnzanu ali pa choopsa, mutsineni khutu, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kunyumba akudikira malipiro, inde, koma koposa zonse akudikira inuyo, muli ndi maso onse awiri ndi zala zonse khumi.